Maseva awiri kapena atatu? Njira zoti webusaiti ndi database zisamagwe

Lolemba lina m'mawa ndinalowa m'kachipinda ka maseva pa bungwe lina lomwe ndinkalithandiza, n'kupeza zonse zili m'malo mwake. Timagetsi tobiriwira tikuphethira, mafani akulira mwa nthawi zonse, UPS (bokosi losungira magetsi) ikuonetsa kuti batire ladzaza. Koma foni ndiye sinkapuma. Mayi wina wa ku akaunti akuti malisiti omwe analowetsa Loweruka asowa, pomwe mnzawo wa desiki yoyandikana nayo akuwaona onse. Nditasuzumira kuseri kwa kabati ndinapeza chingwe cholumikiza maseva awiri a database chitakhwefuka, kachokowera kake kapulasitiki katathyoka. Seva iliyonse itaona kuti inzake yakhala chete inangoti "mnzanga wafa, mpando ndi wanga," n'kuyamba kulandira zolemba payokha. Ena akulemba uku, ena akulemba uko. Tinatha sabata yathunthu tikufananitsa mizere ya m'matebulo awiri ndi maso, cholembera kumanja.

Vutoli amalitcha split brain. Kwathu kuno tinalidziwa kalekale, paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndiye njira iliyonse m'munsimu ndikuiyeza ndi funso limeneli poyamba: maseva akasiya kumvana, ndani amagamula kuti wolira ndi uyu? Zoti seva yafa inzake n'kutenga malo, njira zonse zimatha. Zimasiyana pa tsiku lomwe palibe yafa, koma zangosiya kuonana.

Musanagule kanthu

Abwana akati akufuna sisitimu yosagwa, afunseni mafunso awiri. Ikagwa, mungapirire nthawi yaitali bwanji? Nanga zolemba za mphindi zingati zomaliza zomwe mungalole kuti zitayike? Kawirikawiri amayankha kuti "ngakhale sekondi imodzi ayi," mpaka ataona mtengo.

Manambala amathandiza kuziziritsa mitima. Sisitimu yoyenda 99 peresenti ya nthawi imakhala itagwa masiku opitirira atatu ndi theka pa chaka. Ya 99.9 imagwa maola 8 ndi mphindi 46. Ya 99.99 imangololedwa mphindi pafupifupi 53 chaka chonse. Pa 99.9 munthu akhoza kudzuka, kuvala nsapato, kupita kukakonza. Pa 99.99 nthawi imeneyo palibe, makina ayenera kudzigamulira okha, ndipo apa ndi pomwe mavuto onse a cluster, gulu la maseva ogwirira ntchito limodzi, amayambira.

Mbali ya webusaiti: apa musataye tulo

Maseva a webusaiti ndi osavuta chifukwa sasunga kanthu kosowa. Ikani Nginx kapena Apache, mapulogalamu otumikira webusaiti, pa makina awiri ofanana, kutsogolo kwake muike HAProxy kuti izigawa alendo ndi kuyesa seva iliyonse pakapita masekondi angapo. Yosayankha imachotsedwa pamzere. Kuti HAProxy nayo isakhale mlatho umodzi wowolokera mudzi wonse, muike ziwiri, ndipo Keepalived iziyang'anira adiresi imodzi ya IP yomwe imasamuka pakati pawo.

Keepalived imagwiritsa ntchito VRRP, njira yomwe maseva amauzirana kuti wagwira adiresi ndani. Seva yomwe yagwira adiresi imafuula pa netiweki sekondi iliyonse kuti "ndilipo". Inzake ikapanda kumva mfuuwo kwa masekondi ngati atatu, imanyamula adiresiyo. Fayilo yake yoikira zinthu ndi ya mizere yochepa, moti mukhoza kuimvetsa yonse mukumwa tiyi. Chinthu chimodzi chomwe ambiri amaiwala ndi kuika vrrp_script yoyang'ana ngati HAProxy ikadali moyo. Popanda imeneyo, HAProxy ikhoza kufa makina ali oyaka, Keepalived n'kumakakamirabe adiresi pa seva yomwe sikutumikira munthu.

Ena amangolemba ma adiresi awiri mu DNS, kaundula wosandutsa dzina la webusaiti kukhala adiresi, n'kumati zatha. DNS siidziwa kuti seva yafa, ipitiriza kutumiza ena mwa alendo anu pakhomo lotseka.

Zopunthwitsa zenizeni pano ndi ziwiri. Choyamba ndi ma session: munthu walowa pa seva yoyamba, akadina kachiwiri wagwera pa yachiwiri yomwe sikumudziwa, n'kumufunsanso pasiwedi. Asungeni mu Redis, mosungira mwapadera momwe maseva onse angawerenge, kapena mu database momwemo. Chachiwiri ndi mafayilo omwe anthu amakweza, zithunzi ndi ma PDF. Mukawaika pa NFS imodzi, makina ogawira mafayilo pa netiweki, mwangosamutsira vuto pa makina a NFS aja. Ngati mafayilo ndi ochepa, lsyncd yokopera kuchokera pa seva imodzi kupita pa inzake imakwanira. Akachuluka, ganizirani malo osungira mafayilo pa netiweki a mtundu wa S3 ya Amazon.

Mafuwa atatu

Tisanafike pa database, mawu amodzi ofunika: quorum, kutanthauza mavoti opitirira theka la maseva onse. Maseva awiri akasiya kuonana, palibe yomwe ingadziwe ngati inzake yafa kapena ndi chingwe chabe. Akakhala atatu, mbali yomwe ili ndi awiri ndiyo imapitiriza, yotsala yokha imadziletsa. Mphika sukhala pa mafuwa awiri. Anayi sakuonjezerani kanthu, chifukwa nawonso amangopirira imfa ya seva imodzi. Kuti mupirire ziwiri pafunika asanu.

Wachitatuyo sikuti achite kukhala makina odula. Pa mapulogalamu omwe tiwaone m'munsimu, Corosync ili ndi qdevice, Galera ili ndi garbd, ndipo zonsezi ndi mboni chabe: zimaponya voti koma sizisunga deta. Kakompyuta kakang'ono kakhoza kugwira ntchitoyi, bola kakhale pa swichi ina ya netiweki ndi soketi ina.

Njira yoyamba: wamkulu mmodzi, wotsatira mmodzi, munthu n'kugamula

Imeneyi anthu amaichitira manyazi, koma ine ndimaipatsa ulemu. Seva imodzi imalandira zolemba zonse, yachiwiri imangokopera. MySQL ndi MariaDB zakhala zikuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo PostgreSQL inayamba streaming replication mu 9.0, chaka cha 2010. Wamkulu akagwa, munthu amatsimikiza kuti wagwadi, amamuzula chingwe, n'kukweza wachiwiri.

Split brain pano siingachitike mwangozi chifukwa wogamula ndi mmodzi, ndinu. Mtengo wake ndi nthawi. Ikagwa 2 koloko usiku, sisitimu idikira mpaka mudzuke. Komanso kukoperako nthawi zambiri kumatsalira m'mbuyo pang'ono, choncho zolemba za masekondi omaliza zikhoza kupita ndi seva yakufayo. Kwa sukulu, kabungwe kapena ofesi yotseka 5 koloko, palibe chifukwa chopitirira apa.

Njira yachiwiri: Pacemaker, Corosync ndi DRBD

Iyi ndi ya akuluakulu akale a Linux. DRBD, yopangidwa ndi kampani ya LINBIT ya ku Vienna, inalowa mu kernel (phata) ya Linux 2.6.33. Imakopera disiki yonse kudzera pa netiweki, ndipo mukasankha protocol C, cholemba sichitengedwa kuti chatheka mpaka chitafika pa madisiki onse awiri. Corosync imasunga kaundula wa omwe ali moyo, Pacemaker n'kumalamula: kweza DRBD uku, lumikiza disiki, yatsa database, samutsa adiresi ya IP, motsatana choncho.

Ubwino wake ndi wakuti siisankha. Kaya ndi MySQL, PostgreSQL, NFS kapena kapulogalamu kakale komwe mwini wake anachoka kalekale, DRBD imangoona disiki basi. Palibe cholemba chotsimikizidwa chomwe chimatayika. Koma seva yachiwiri imangokhala manja lende, simungawerengepo kanthu. Ndipo posamuka database imadzuka ngati yomwe magetsi anaithimira mwadzidzidzi, imayamba yadzikonza kaye, zomwe zimatenga masekondi kapena mphindi malinga ndi kukula kwa ntchito yomwe inali pakati.

Mtima wa Pacemaker ndi fencing, yomwe amaitchanso STONITH. Tanthauzo lake n'lakuti seva yokayikitsa imathimitsidwa mokakamiza inzake isanatenge malo, kudzera pa kachipangizo kolamulira seva uli patali, monga iDRAC ya maseva a Dell, iLO ya a HP, kapena IPMI wamba. Malangizo ambiri oyambira amakuuzani kuti mulembe stonith-enabled=false, komwe ndi kuzimitsa fencing, kuti zinthu ziyambe kuyenda msanga. Mzere umenewu ndi umene ndinaupeza pa maseva a m'kachipinda kaja. Ngati makina anu alibe njira yothimitsirana, gwiritsani ntchito SBD ndi watchdog kuti seva yosokonekera izidzithimitsa yokha. Ngati nazonso sizitheka, Pacemaker isiyeni.

Chinanso, Pacemaker ndi yovuta kuwerenga ikakwiya. Walira mvula walira matope. Munthu yemwe anaiika akasiya ntchito, otsala amaopa ngakhale kuigwira.

Njira yachitatu: Galera

Kwa a MariaDB ndi MySQL, Galera ndi yokopa kwambiri. Inapangidwa ndi kampani ya Codership ya ku Finland, ndipo imapezeka mu MariaDB komanso mu Percona XtraDB Cluster. Maseva atatu onse ali ndi deta yofanana, onse akhoza kulandira zolemba. Ikafa imodzi palibe wokwezedwa, HAProxy imangolozera kwina. Quorum inamangidwira m'kati momwemo: seva yomwe yatsala yokha imakana mafunso, n'kumayankha kuti WSREP, gawo lokopera la Galera, sinaikonzekeretse kugwira ntchito. Uthenga umenewu umakwiyitsa, koma ndi umene ukanatipulumutsa Lolemba lija.

Zomwe wogulitsa sangakuuzeni ndi izi. Galera imafuna matebulo a mtundu wa InnoDB, ndipo tebulo lililonse likhale ndi primary key, chizindikiro chosiyanitsa mzere uliwonse. Pulogalamu yakale yodzaza ndi matebulo a mtundu wa MyISAM iyenera kusinthidwa kaye. Ngakhale maseva onse amatha kulandira zolemba, awiri akasintha mzere umodzi nthawi imodzi, wina amabwezedwa ndi uthenga wa deadlock, ndipo mapulogalamu ambiri sadziwa kuyesanso. N'chifukwa chake ambiri odziwa amalembera pa seva imodzi yokha, enawo n'kumadikira. Komanso gulu lonse limayenda pa liwiro la wofooka: seva imodzi ikakhala ndi disiki yochedwa, flow control imaimitsa anzake kuti aidikire. ALTER TABLE, lamulo losintha kamangidwe ka tebulo, pa tebulo lalikulu imaimitsa zolemba pa maseva onse mpaka ithe.

Ndiye pali nkhani yomwe imatikhudza ife a kumagetsi othimathima. Maseva atatu onse akathima nthawi imodzi, nthawi zina Galera imadzilumikizanso yokha onse akabwerera, koma nthawi zina ayi. Mumapeza m'fayilo ya grastate.dat pa makina onse mwalembedwa seqno ya -1 ndi safe_to_bootstrap ya 0, kutanthauza kuti sizikudziwika pomwe iliyonse inalekezera ndipo palibe yololedwa kuyamba kudzuka. Pamenepo muyenera kufunsa seva iliyonse ndi wsrep-recover kuti inalekezera pati, n'kudzutsa gulu kuchokera pa yomwe ili patsogolo ndi galera_new_cluster. Mukadzutsira pa yolakwika, enawo akhoza kukopera zakale n'kufufuta zatsopano. Ndondomeko imeneyi ilembeni papepala, muimate pachitseko cha kabati.

MySQL ya Oracle ili ndi yakeyake, InnoDB Cluster, yomangidwa pa Group Replication ndi MySQL Router. Maganizo ake ndi ofanana, nayonso imafuna atatu, ndipo mwachibadwa imalembera pa seva imodzi. Ngati muli kale pa MySQL 8, yambani mwaiona imeneyo.

Njira yachinayi: Patroni

PostgreSQL payokha imadziwa kukopera koma siidziwa kusankha mtsogoleri. Patroni, yomwe inachokera ku kampani ya Zalando ya ku Germany, ndiyo imatseka mpatawu. Nzeru yake ndi yosavuta kuifotokoza. Pali kiyi imodzi ya utsogoleri yosungidwa mu pulogalamu yapadera yosunga kaundula wa gulu, monga etcd, Consul kapena ZooKeeper. Wogwira kiyiyo ndiye wamkulu, ndipo ayenera kumaikonzanso pafupipafupi. Mwachibadwa kiyi imatha mphamvu pakadutsa masekondi 30. Wamkulu akalephera kufikira etcd amadzitsitsa yekha n'kusiya kulandira zolemba, otsalawo n'kupikisana. Yemwe watsalira m'mbuyo kupitirira malire omwe mwaika saloledwa kupikisana nawo.

Chomwe ndimaikondera ndi momwe imagwirizanirana ndi HAProxy. Patroni iliyonse imayankha pa port 8008, ndipo HAProxy ikafunsa /primary, wamkulu yekha ndi amene amavomera. Palibe ma script osokasoka pamanja. Wamkulu wakale akadzuka, pg_rewind imamubweza pomwe anasiyanirana ndi anzake, n'kukhala wotsatira. Lamulo la patronictl list limakuonetsani tebulo laling'ono: wamkulu ndi uyu, otsatira ndi awa, atsalira chonchi. Usiku wa mavuto, kutha kuona zimenezi pa sikirini imodzi n'kwamtengo wapatali.

Zolipira zake zilipo. Tsopano muli ndi magulu awiri oti muwasamale, PostgreSQL ndi etcd, ndipo etcd imafuna maseva atatu ndi disiki yachangu. Ikaikidwa pa disiki yomwe database ikuipanikiza, imayamba kuchita zisankho zopanda pake. Komanso musaganize kuti Patroni payokha ikutanthauza kuti palibe chotayika. Mukafuna zimenezo yatsani synchronous_mode, muvomere kuti cholemba chilichonse chizidikira seva yachiwiri.

Ndipo makina odzigamulira okha ali ndi ngozi yakeyake. Pa 21 October 2018, netiweki ya GitHub, kampani yosungira ntchito za olemba mapulogalamu, inaduka kwa masekondi 43 okha kum'mawa kwa America. Pulogalamu yawo yoyang'anira MySQL, Orchestrator, inachita zomwe inauzidwa: inakweza maseva a kumadzulo kwa dzikolo. Koma a kum'mawa anali ndi zolemba zina zomwe zinali zisanawoloke. Kuti zonse zibwerere m'chimake panatenga maola 24 ndi mphindi 11.

Zidule ziwiri: Proxmox ndi cloud

Ngati ntchito zanu zili kale m'makina a virtual (makompyuta ongoyerekezera okhala m'kati mwa seva), pulogalamu yowayendetsa ya Proxmox VE ikhoza kudzutsa makina onse athunthu pa seva ina, mkati mwa mphindi zochepa. Simukhudza database n'komwe. Imafuna maseva atatu, kapena awiri ndi qdevice, komanso malo osungira ogawana. Pa malo osungirawa, Ceph ndi yabwino koma imafuna netiweki ya 10 gigabit. Kukopera kwa ZFS, njira ina yosungira deta pa disiki, n'kotchipa koma kumachitika pakapita mphindi imodzi kapena kuposerapo, ndiye za pakatipo zimatayika. Dziwaninso kuti Proxmox imateteza ku imfa ya makina. Database ikadzivunda yokha m'kati, idzadzuka kwinako ili yovunda chomwecho.

Cloud, kubwereka maseva a kampani ina kudzera pa intaneti, ndiye imachotsa mutu wonse wowawa. Amazon RDS ya Multi-AZ imasunga database yachiwiri m'nyumba ina ya maseva, ndipo kusamuka kumatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. AWS, cloud ya Amazon, inatsegula malo ake ku Cape Town mu April 2020, Microsoft Azure inafika ku Johannesburg mu 2019, Google Cloud mu 2024. Kwa amene makasitomala ake ali m'maiko ambiri, kapena alibe munthu wodzuka usiku, njira ndi imeneyi.

Koma kwa bungwe la ku Malawi pali masamu ena. Bilu imabwera m'madola, ndipo Multi-AZ ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo wa database imodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti za anthu zinasokonekera usiku umodzi, osanenanso za kuvuta kwa kupeza ndalama zakunja zolipirira. Chinanso, database ikhoza kukhala yamoyo ku Cape Town inu osaifikira. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zitaduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a chigawo chino, Malawi yemwe. Ngati ogwiritsa ntchito sisitimu onse ali m'nyumba imodzi ndi inu, kuika database kutsidya kwa malire n'kuonjezera milatho yoti iduke.

Zomwe cluster singakuchitireni

Maseva atatu pa UPS imodzi ndi seva imodzi yodula katatu. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo amene ankasamala maseva nthawi imeneyo akudziwa kuti mdani wamkulu sanali disiki koma mabatire otopa ndi jenereta yosowa dizilo. Ndalama ya seva yachitatu nthawi zina imagwira ntchito yabwino ikagula UPS yachiwiri, swichi yachiwiri ndi intaneti ya kampani ina.

Nyumba nayo ndi malo amodzi. Pa 10 March 2021 moto unapsereza nyumba yonse ya maseva ya SBG2 ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ndipo ena omwe backup yawo inali pamalo pomwepo anataya zonse. Kuika seva ina mumzinda wina n'kwanzeru, koma kumbukirani kuti pa fibre makilomita 100 aliwonse amaonjezera pafupifupi millisecond imodzi popita ndi pobwera. Pakati pa Blantyre ndi Lilongwe mtundawo siwoopsa. Choopsa ndi kudukaduka kwa chingwecho. Ine seva ya kutaliyo ndimaisiya ikhale yongokopera chabe, yosaponya voti, ndipo yoikweza ndi munthu.

Pomaliza, kukopera si backup. Mukalemba DROP TABLE, lamulo lofufuta tebulo, molakwika, maseva atatu onse amamvera nthawi yomweyo. Pa 31 January 2017 injiniya wa GitLab, kampani yofanana ndi GitHub, anafufuta deta pa seva yaikulu akuganiza kuti ali pa yotsatira. Atapita ku ma backup anapeza kuti pg_dump, pulogalamu yopangira backup, inali ikulephera mwakachetechete, ndipo anataya zolemba za maola pafupifupi 6. Zopangira backup ndi pgBackRest kwa a PostgreSQL, mariabackup kwa a MariaDB, kopi ina ikhale kunja kwa nyumba, ndipo muziyesa kuibwezeretsa.

Ndikanakhala inu

Kutsogolo, HAProxy ndi Keepalived, mosakayika. Kumbuyo, zitengera anthu omwe muli nawo kuposa makina. Ngati wa IT ndi mmodzi ndipo ofesi imagona usiku, wamkulu ndi wotsatira basi, ndondomeko yokwezera ili papepala. Ngati sisitimu imalandira ndalama usana ndi usiku ndipo muli pa PostgreSQL, Patroni pa maseva atatu ndi synchronous_mode yoyatsa. Muli pa MariaDB ndipo matebulo anu ndi aukhondo, Galera, kulembera pa seva imodzi. Pacemaker ndi DRBD ndimazisungira zinthu zomwe sizidziwa kudzikopera zokha, ndipo pokhapokha fencing ilipo.

Chilichonse chomwe mwasankha, chiyeseni anthu asanayambe kuchidalira. Sankhani Loweruka masana, muyatse ka script kolemba mzere umodzi wokhala ndi nambala sekondi iliyonse, ndiye muzule chingwe cha magetsi cha seva yaikulu. Osaithimitsa mwaulemu, kuzula. Werengani masekondi mpaka zolemba ziyambirenso, muone ngati pali nambala yomwe yasowa. Kenako bwezerani zonse, muzule chingwe cha netiweki chokha makina ali oyaka, mulowe pa seva yotsala yokhayo ndi kiyibodi, muyese kulembamo mzere. Ikakana, zili bwino. Ikavomera, musapite kunyumba.